Laisensi ya Windows imakhala pati? Nkhani ya ku Manjawira

Anzanga a m'mbali mwa nyanja, a ku Msaka, Malembo, Makawa, ndi inu muli ku Joni omwe mumawerenga izi usiku mukaweruka, lero sindikamba za kabureta kapena pulopela. Musathawe, khalani kaye. Ndikufuna tikambe za timawu tija timakhala pakona ya m'munsi ya sikirini ya kompyuta, cha kumanja, totuwa ngati tafufutika: "Activate Windows". Ambiri mwationapo. Ku vidiyo sho mpira uli mkati, timawu tili pompo, pamwamba pa goloboyi. Anthu anangotizolowera ngati chipsera cha pamphumi.

Kunena zoona timawu timeneti sitiletsa kompyuta kugwira ntchito. Mutha kulemba, kupulinta, kuonera filimu, kulowa pa intaneti. Chomwe mumakanizidwa n'kusintha chithunzi cha pa sikirini ndi mitundu yake, tinthu tating'ono. Koma tanthauzo lake ndi ili: a Microsoft, eni ake a Windows, sakuidziwa kompyuta yanuyo. M'kaundula mwawo mulibe. Ndipo zimatheka kompyuta yomwe inali bwinobwino dzulo, laisensi yake yeniyeni, lero n'kudzuka ndi timawu timeneti chifukwa mwangosintha chida chimodzi m'kati. Apa ndi pomwe pali nkhani yanga.

Ukagula ukonde, ukondewo ndi wako. Uupatse munthu, uudule, uumange pa boti lina, palibe angakufunse. Windows si choncho. Sugula Windows yeniyeniyo, umagula chilolezo choigwiritsa ntchito, ndipo nthawi zambiri chilolezocho chimamangidwa pa kompyuta imodzi basi. Ndiye funso likubwera: kompyuta imodzi ndi chiyani? Ndikasintha RAM, ikadali yomweyo? Nanga hadi disiki? Nanga bokosi lake?

Funso limeneli ife a kunyanja sitilimva chilendo. Bambo anga ali ndi boti lomwe analikhoma ine ndisanayambe sukulu. Matabwa a m'mbali anasinthidwa pafupifupi onse. Injini zadutsapo zitatu, yomwe ilipo pano ndi Yamaha Enduro ya 15 yomwe ndimaisamalira ndine. Za penti ndiye tisanene. Koma pa doko palibe anayamba wanenapo kuti ili ndi boti lina. Chifukwa msana wake, thabwa lalikulu la pansi lija nthiti zonse zimagwirapo, sunachokepo. Taonani Ilala. Inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera m'zidutswa, n'kuyamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951. Injini zake zinasinthidwapo, koma aliyense pa Monkey Bay kapena pa Nkhata Bay akaiona amati Ilala yafika. Thupi ndi lomwelo.

Windows nayo imaganiza chimodzimodzi. Kwa iyo, msana wa kompyuta ndi motherboard, chibodi chachikulu chija zida zonse zimalumikizidwapo. Onjezerani RAM, chotsani hadi disiki muike SSD, kawirikawiri palibe chochitika. Koma mukangosintha motherboard, iyo imati ili ndi boti lina, laisensi yake ili kuti? Monga makaniko, maganizo amenewa ndimawamvetsa. Mzere uyenera kulembedwa penapake. Kungoti kwathu kuno sititaya chinthu chikafa, timachikonza ndi zida za china chomwe chinafa kale, ndiye mzere umenewu timaudumpha kawirikawiri kuposa anzathu akunja.

Achemwali anga anakwatiwa ku Manjawira, m'boma la Ntcheu, pa msewu wa M1 pakati pa Chingeni ndi Zalewa. Amene simunafikeko, kulibe nyanja ngakhale ya mankhwala. Kuli malole odutsa usana ndi usiku, matumba a makala m'mbali mwa msewu, ndi dzuwa loti ungawambe nalo utaka popanda nkhuni. Ali ndi kachipinda komwe amatayipa makalata, kupulinta, kupanga fotokope, ndi kuika nyimbo m'mamemore. Aphunzitsi amabweretsa mayeso a kumapeto kwa temu. Amayi a banki m'khonde amabweretsa mabuku awo. Anyamata ofuna ntchito amabweretsa ma CV ndi zitupa. Fizi ya ana awiri imachokera m'kachipinda kameneko, ndipo kachipindako kaima pa kompyuta imodzi ya kaunjika yomwe alamu anagula ku Limbe.

Januwale wa 2025, mvula ya mabingu, chiphaliwali chinadutsa m'mawaya. Kompyuta zii. Anandiimbira ndili pa doko manja ali oyilo yekhayekha.

"Iwe, bwera udzaone. Si umakonza mainjini iwe?"

"Achemwali, injini ya boti ndi kompyuta n'zosiyana."

"Zonse n'zamawaya. Bwera. Unditengereko usipa."

Ndinakwera minibasi pa Mangochi, Liwonde, Balaka, Chingeni, kenako kutsika ndi M1, jumbo la usipa pamiyendo, anthu akundiyang'ana ndi diso lija. Nditatsegula bokosi, fungo linandiuza zonse. Amene munanunkhizapo CDI yopsa mukulidziwa. Motherboard inali itapita, koma hadi disiki inali yamoyo, ndipo ndiye munali chuma chonse. Mawa lake ndinapita ku Blantyre, ndinapeza bodi ina yochotsedwa m'kompyuta ya mtundu womwewo. Kuimanga sikunandivute. Munthu amene wamasulapo giyabokosi pamchenga mphepo ikuwomba sangaope tizitsulo tisanu ndi chimodzi.

Titayatsa, zonse zinabwerera. Mafayilo onse, nyimbo zonse, mayeso a Sitandade 7 omwe anatsala theka. Achemwali anaimba nthungululu. Titalumikiza intaneti ya pa foni, pasanathe nthawi, pakona paja: "Activate Windows". Ndinalowa mu Settings, Update & Security, Activation. Panalembedwa kuti zida za kompyutayi zasintha, ndi nambala 0xC004F211.

Ine ndinati zisiyeni, kompyuta ikugwira ntchito. Achemwali anakana. Tsiku lomwelo mphunzitsi wina anasuzumira pa sikirini n'kufunsa, moseka koma mosaseka, "Mayi, kompyutayi ndi yabwinobwino? Mayeso athu satulukira kwina?" Pa malo ang'ono ngati Manjawira, funso lotero likafunsidwa m'mawa, pofika madzulo lasanduka nkhani yoti kompyuta ya mayi aja ndi yakuba. Bizinesi yawo yonse ndi chikhulupiriro. Munthu sakupatsa chitupa chake cha unzika kuti uchijambule ngati akukukayikira.

Tsono kuti mumvetse chomwe chinachitika, tibwerere m'mbuyo pang'ono. Zopanga activate zinayamba ndi Windows XP mu 2001. Nthawi imeneyo mpaka Windows 7, laisensi inali kiyi ya zilembo ndi manambala 25, m'magulu asanu, yolembedwa pa kasitika pansi pa laputopu kapena m'mbali mwa bokosi. Kasitikako kakafufutika ndi thukuta la pamiyendo, kwanu kwatha. Kuyambira Windows 8 mu 2012, makampani opanga makompyuta anayamba kuisunga kiyiyo m'kati mwa motherboard mwenimweni, momwe maso sangaone. Kenako Windows 10 itatuluka pa 29 Julaye 2015, kunabwera chomwe amati digital licence. Apa kompyuta imatenga chizindikiro cha zida zake, tingoti chidindo cha chala, ngati chija tinadinda kwa a NRB polembetsa zitupa mu 2017, n'kuchitumiza kwa Microsoft. Iwo amasunga kuti chala ichi chili ndi chilolezo. Ndiye chifukwa chake mutha kufufuta zonse n'kuikamo Windows mwatsopano, ikangolowa pa intaneti imadzipanga activate yokha osakufunsani kiyi. Chala n'chomwecho.

Ife tinali titasintha chala.

Njira yobwezera ilipo, ndipo anaiika mu 2016. Ngati laisensi yanu munailumikiza ku akaunti ya Microsoft kompyuta isanafe, mumalowa pa Activation paja, n'kudina Troubleshoot, n'kusankha mawu akuti "I changed hardware on this device recently". Mumalowa ndi imelo ndi pasiwedi yanu, imakuonetsani makompyuta omwe ali pa dzina lanu, mumasankha yanuyo, n'kudina Activate. Zikayenda bwino ndi nkhani ya mphindi zisanu. Koma mawu ofunika ndi akuti isanafe. Kompyuta ya achemwali inabwera kuchokera kwa wogulitsa ili ndi akaunti yongolembedwa "User", yopanda imelo, yopanda chilichonse. Laisensi inali pa bodi yakale basi, ndipo bodi yakaleyo inali m'katoni pansi pa tebulo, ikununkha utsi.

Palinso china. Malaisensi si amtundu umodzi. Ilipo ya Retail, yomwe munthu amagula payekha: imeneyo ili ngati injini ya boti, mutha kuimasula pano n'kukaimanga pa boti lina, bola isakhale pa maboti awiri nthawi imodzi. Ilipo ya OEM, yomwe imabwera ndi kompyuta kuchokera ku fakitale: imeneyo lamulo lake ndi loti imakhala ndi kompyutayo mpaka kufa nayo. Ndiye ilipo ya Volume, ya makampani, masukulu ndi maboma omwe amagula zambiri pakamodzi. Mukafuna kudziwa yanu, tsegulani Command Prompt mulembe slmgr /dli, ikuuzani. Mukalemba slmgr /xpr ikuuzani ngati ndi yamuyaya kapena ili ndi tsiku lothera.

Tili mkati mokanda mitu, panafika mnyamata wina, flash ili m'khosi ngati mkanda. Nkhani inali itamupeza kale.

"Bigi, zimenezo ndi za faifi sauzande basi. Mphindi ziwiri, timawu tachoka. Kungoti muzimitse kaye antivayirasi, imachita nsanje."

Achemwali anandiyang'ana, dzanja lili kale pa mfundo ya chitenje. K5,000 poyerekeza ndi mtengo weniweni si ndalama. Nthawi imeneyo Windows 11 Home pa sitolo ya Microsoft inali madola 139. Pa mtengo wa ku banki wa nthawi imeneyo, pafupifupi K1,750 pa dola, zinali ndalama zoposa K240,000, ndipo madolawo mukawapeza ku banki yake iti? Windows 10 ndiye anasiya kuigulitsa pa intaneti mu Januwale 2023. Sindingamunyoze munthu amene amasankha za faifi sauzande. Ndikudziwa mmene ndalama ikuvutira.

Koma ndinakana, ndipo chifukwa changa si cha tchalitchi kapena cha mzikiti. N'cha umakaniko. Munthu akabwera pa doko n'kunena kuti ndikukonzera injini koma uyambe watseka maso, mungalole? Antivayirasi ndi mlonda. Pulogalamu yomwe ikufuna mlonda agone kaye isanalowe, mukuipatsa makiyi a nyumba yonse, ndipo simukudziwa amene anaipanga kapena amene anaikamo zake panjira, flash ija yadutsa m'makompyuta angati. Zambiri mwa izo zimanamiza Windows kuti ili pa kampani ina yake, mwa njira ya Volume ija yotchedwa KMS, yomwe chilolezo chake chimakhala cha masiku 180 n'kumafuna kuwonjezeredwa. Ndiye pulogalamuyo imatsala m'kati, ikudzuka yokha, ikuchita zomwe simukuziona. Pa kompyuta ya magemu, kaya, mwini wake asankhe. Koma iyi munali zithunzi za zitupa za anthu a m'mudzi monse, manambala a foni, mabuku a ngongole a amayi a banki m'khonde, mayeso osalembedwa. Si katundu wa achemwali. Anangosungitsidwa.

Makiyi otchipa aja amagulitsidwa pa Facebook nawonso samalani. Ambiri ndi a Volume omwe anatuluka pa khomo la kuseri, kapena kiyi imodzi yogulitsidwa kwa anthu makumi. Imagwira lero, pakapita miyezi timawu tabwerera, wogulitsa nambala yake siikupezeka.

Mnyamata uja anapita akung'ung'udza kuti anthu a kunyanja ndi okula mtima. Usiku umenewo, titadya nsima ya usipa wothira tomato, ndinakhala ndikuganiza za bodi yatsopano ija. Inachokera m'kompyuta ya fakitale ya nthawi ya Windows 10. Injini iliyonse ya boti ili ndi kachitsulo ka nambala pa bulaketi yake, ndipo kamapita kulikonse komwe bulaketiyo yapita. Ngati kiyi imasungidwa m'kati mwa bodi, ndiye kuti bodi yomwe ndinagulayo inabwera ndi kiyi ya boti lake lakale. Ndinatsegula Command Prompt, ndinalemba mzere uwu momwe ulili:

wmic path softwarelicensingservice get OA3xOriginalProductKey

Zilembo 25 zinatuluka. Aise, ndinakuwa mpaka alamu anadzuka kuyesa kwabwera akuba.

Nanga bwanji Windows sinaitenge yokha? Ndinawonjezera mawu akuti Description kumapeto kwa mzere uja, panatuluka mawu akuti Core. Core ndi dzina lina la Home. Pomwe Windows ya pa hadi disiki ya achemwali inali Pro. Kiyi ya Home sitsegula Pro, ngati mmene pulopela ya 15 singalowere pa shafiti ya 40. Zonse ndi za Yamaha, koma mano ake ndi osiyana. Ndipo kuchoka pa Pro kutsikira pa Home si kungodina batani, umayenera kuika Windows mwatsopano.

Apa ndiye panali ntchito. Tinakopera mafayilo onse pa disiki ina yobwereka, kawiri, achemwali ataima kumbuyo kwanga akuwerenga mafoda mmodzimmodzi ngati akuwerenga nkhuku madzulo. Kenako kutsitsa Windows 10 pa tsamba la Microsoft ndi Media Creation Tool, yomwe ndi yaulere, imangofuna flash ya 8GB ndi bandulo yoposa 4GB. Netiweki inkabwera ngati usipa wa mwezi wowala, apa ndi apo, ndiye tinadikira pakati pa usiku. Kutacha tinaika. Sinafunse n'komwe kiyi kapena mtundu, inawerenga m'bodi n'kusankha Home yokha. Italowa pa intaneti, pa Activation panalembedwa kuti "Windows is activated with a digital license". Pakona paja panali poyera.

Pochoka pa Pro achemwali sanataye chilichonse chomwe ankagwiritsa ntchito. Zomwe Pro imaposera Home ndi za m'maofesi akuluakulu, zolumikiza makompyuta ambiri pansi pa bwana mmodzi. Munthu wotayipa makalata a kwa amfumu sazifuna. Nkhani ya Word ndi Excel ndi ina, Office ili ndi laisensi yakeyake yosakhudzana ndi ya Windows. Tinaika LibreOffice, yaulere, imatsegula mafayilo a Word. Anadandaula sabata yathunthu kuti mabatani asamuka, mpaka pano amanditchula dzina akasowa pomwe pali mizere ya tebulo.

Ndisananyamuke tinatsegula akaunti ya Microsoft pa dzina lawo ndi nambala yawo, osati yanga, n'kulowa nayo pa kompyutapo. Mawu aja anatalika, kumapeto kwake kunawonjezeka "linked to your Microsoft account". Pitani mukaone pa yanu ngati mawu amenewa alipo. Laisensi ya OEM mwina singakutsatireni pa bodi ina ngakhale mutailumikiza, koma popanda kulumikiza ndiye Troubleshoot ija ilibe poyambira. Pasiwedi anailemba m'kope lomwe amasungamo ngongole za makasitomala, kope lomwe sangalitaye ngakhale nyumba itapsa.

Inu a ku Joni ndi ku Cape Town, tamverani apa, chifukwa ambiri mumatumiza malaputopu kumudzi pa mabasi ndi mathiransipota. Laputopu yatsopano nthawi zambiri imakhala ndi loko ya disiki, BitLocker kapena device encryption. Motherboard ikasinthidwa, singotulutsa timawu pakona ayi, imatha kukana kutseguka kumene mpaka mutalemba kiyi ina ya manambala 48. Kiyi imeneyo imasungidwa mu akaunti ya Microsoft ya amene anayamba kulowa pa laputopuyo. Ngati ndi bwana wanu wakale wa ku Randburg amene anakupatsani ngati mphatso, ndiye kuti zithunzi za ukwati ndi asainimenti ya mng'ono wanu wa ku koleji zili m'manja mwa munthu amene nambala yake munaitaya. Musanatumize, fufutani zonse, muike mwatsopano, amene akukalandirayo alowe ndi akaunti yake. Ndipo pogula ya kaunjika, kaya ku Limbe, kaya ku Lilongwe, lembani slmgr /dli wogulitsa ali pompo. Mukaona mawu akuti KMS pa kompyuta yoti si ya kampani, tsitsani mtengo kapena tulukani.

Amene muli ndi makiyi akale a Windows 7 pa timasitika, mukuganiza kuti mudzatsegulira Windows 10, khomo limenelo linatsekedwa mu Seputembala 2023.

Tsopano pali mtambo wina. Pa 14 Okutobala 2025 Microsoft inasiya kuisamalira Windows 10 mwa nthawi zonse. Kompyuta siizima, koma zigamba zotseka mabowo a chitetezo sizibweranso, pokhapokha mutalembetsa pulogalamu yawo yowonjezera nthawi yotchedwa ESU, yomwe mwa zina imafuna zinthu ziwiri zomwe takambazi: Windows yopangidwa activate ndi akaunti ya Microsoft. Ya achemwali ili nazo zonse, ndiye yapumako. Koma Windows 11 singalowemo. Imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kapena ya AMD yofanana nayo, ndipo makompyuta ambiri a m'mavidiyo sho ndi m'tizipinda totayipira kuyambira Nkhotakota mpaka Makanjira ndi akale kuposa pamenepo.

Ndakhala ndikuyesa Linux pa kalaputopu kanga ka ku shedi. Ilibe kiyi, ilibe activate, musinthe bodi kakhumi palibe angakufunseni. Mtundu wina wotchuka, Ubuntu, anauyambitsa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzinalo ndi mawu omwe ife timati umunthu. Ine ndikugwiritsa ntchito Linux Mint, chifukwa maonekedwe ake sali kutali ndi Windows. Vuto lili pa pulinta ndi sikana. Zina zimagwira pompopompo, zina zimavuta, ndipo kwa achemwali pulinta ikaima tsiku limodzi ndiye kuti ndiwo palibe. Ubwino wake Mint imatha kuyenda kuchokera pa flash osakhudza zomwe zili pa disiki, ndiye titha kuyesa pulinta yawo popanda kufufuta kanthu. Mwera ukayamba mu Juni, maboti akakhala pamtunda ntchito itachepa, ndikwera ya ku Balaka ndi flash imeneyo. Achemwali anena kale kuti ndikasunthanso mabatani awo ndikagona panja ndi matumba a makala, komanso kuti ulendo uno usipa ukhale wofutsa, osati wowuma ndi dzuwa.

Amene ali ndi pulinta ya kale yomwe anaiyesapo pa Mint kapena Ubuntu, andiuze mtundu wake ku inbox ndisananyamuke.